Mwana wa Mmalawi wa ku Joni alowere khomo liti? Kalata yotseguka kwa oyendetsa za sayansi kwathu

Kwa akuluakulu a bungwe la National Commission for Science and Technology ku Lilongwe, a unduna woona za maphunziro, ndi a ku maofesi a kazembe wathu ku Pretoria ndi ku Johannesburg.

Zikomo mabwana ndi madona. Ine ndine mphunzitsi wa masamu ndi sayansi. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndatha zaka 11 ndili kuno ku Joni, ndipo ndimakhala ku Rosettenville. Ndalemba m'Chichewa mwadala. Chingerezi ndi chomwe ndimadyera tsiku ndi tsiku, koma eni nkhaniyi ndi amayi ogwira ntchito za m'nyumba ku Sandton, abambo osoka zovala ku Fordsburg ndi ku Mayfair, anyamata osamalira kapinga ndi maluwa m'mipanda ya anthu. Ndikufuna aiwerenge okha pa foni zawo, popanda wowamasulira.

Nkhani yanga ndi ya malamulo olowera. Mpikisano uliwonse wa sayansi, mphotho iliyonse yonyamula dzina la dziko, imakhala ndi tsamba limodzi lonena kuti woyenera kulowa ndani, ndipo abweretse chiyani. Tsamba limeneli limaoneka laling'ono, komatu ndi pomwe anthu ambiri amagwera oweruza asanaone n'komwe ntchito yawo. Pempho langa ndi lakuti mukakhala pansi kulemba tsamba lotere, kaya ndi la ana a sukulu, la amisiri kapena la akatswiri a kafukufuku, muzililemba mukudziwa kuti Amalawi ena ali kuno, ndi kuti luso silidikira kuti munthu akhale ndi mapepala onse.

Loweruka lililonse m'mawa ndimaphunzitsa ana a Amalawi anzanga m'holo ya tchalitchi china ku Turffontein. Sitilipiritsa, makolo amangosonkha ya choko ndi buledi. Mwa anawo muli mtsikana wa zaka 15, wa Giredi 10, amene mayi ake kwawo ndi ku Dedza. Amakhala awiriwiri m'chipinda chimodzi cha kuseri kwa nyumba ya eni, magetsi ake ogula mayunitsi. Aliyense wokhala kuno akudziwa chimene nyemba zimachita ku mita. Ukazitereka masana, pofika nthawi yophika nsima manambala atsika moti mutu umaima. Mayi aja anafika poleka kugula nyemba, ndiwo imene anakulira. Mwana ndiye anati, "Amayi, tadikirani, ndiyese kaye."

Anapeza makatoni atatu ofanana. M'katoni yoyamba anaikamo nyuzipepala zakale zokwinyakwinya, yachiwiri utuchi umene anakapempha kwa akalipentala ku Booysens, yachitatu nsanza ndi bulangeti lakutha. Nyemba ankaziviika usiku, m'mawa n'kuziwiritsa kwambiri pa sitovu, kenako n'kuphula poto osavundukula, kumukwirira m'katoni muja n'kutseka. Ine ndinangomubwereka choyezera kutentha. Sabata yoyamba ankavundukula poto mphindi 30 zilizonse kuti ayeze, ndipo manambala ankatuluka osokonekera. Anazindikira yekha kuti akavundukula akuthawitsa kutentha komwe akufuna kuyezako. Anatenga chivundikiro chakale n'kuboola kabowo ndi msomali, kongokwana kulowetsa choyezera chija, nayambiranso.

Powerenga anapeza zinthu ziwiri zimene zinasintha funso lake. Nyemba zofiira zimafunika kubwata mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10, chifukwa zili ndi poizoni amene amafa ndi kuwira kokha. Ndiponso chakudya chophika chikakhala nthawi yaitali kutentha kwake kuli pansi pa madigiri 60, tizilombo toyambitsa matenda timaswana. Basi funso linaleka kukhala lakuti katoni iti ikupsetsa nyemba, linakhala lakuti katoni iliyonse imatenga maola angati kuti poto atsike kufika pa 60. Katoni iliyonse anaiyesa katatu. M'kope lake lachikuto cholimba analembamo zonse, ngakhale tsiku limene mayi ake anatsegula katoni kuti alawe mchere n'kuwononga muyeso wa tsiku lonse. Utuchi ndi umene unapambana, ndipo anatha kufotokoza chifukwa chake: kutentha kumayenda pang'onopang'ono mu mpweya wotsekeredwa pakati pa tinthu ting'onoting'ono. Utuchi womwewo utanyowa unalephera, pakuti madzi amanyamula kutentha msanga. Zimenezinso anazilemba.

Ndaphunzitsa ana ambiri, kwathu ndi kuno, ndipo ndikunena mosakayika kuti imeneyi ndiyo sayansi yeniyeni: kufunsa, kuyeza, kubwereza, ndi kulemba zoona ngakhale zikukukhumudwitsa. Ndipotu funso lakelo ndi la kwathu kwenikweni. Mabanja ambiri ku Malawi amaphikira nkhuni ndi makala. Amene anadutsa pa Zalewa n'kuona matumba a makala atandandalika m'mbali mwa msewu akudziwa kumene mitengo yathu ikupita. Poto wa nyemba amene akupsa ndi moto wa mphindi zochepa m'malo mwa maola atatu ndi nkhani ya nkhalango za Dzalanyama ndi Chikangawa.

Tinamva za mpikisano wina wa ana a sukulu wokonzedwa ndi kampani ina kuno. Dzina sinditchula, chifukwa sindinalembe kalatayi kuti ndinyoze munthu. Tinapita pa malo ena olipira kompyuta, iye, mayi ake ndi ine, kope lili m'manja. Dzina analemba, sukulu analemba, mutu wa ntchito analemba. Kenako panabwera kabokosi kofuna nambala ya chiphaso, manambala 13. Kwa amene simunakhaleko kuno, nambala ya chiphaso cha South Africa imakhala ndi manambala 13: oyamba 6 ndi tsiku lobadwa, ndipo ya nambala 11 imanena ngati uli nzika, pamene pamakhala 0, kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika, pamene pamakhala 1. Mtsikanayu anabadwira m'chipatala cha kuno ku Johannesburg, koma pepala lake lobadwira ndi lolemba pamanja, lopanda nambala. Tinayesa nambala ya pasipoti ya mayi ake, kabokosi kanangofiira. Mawa lake ndinaimba foni. Mayi amene anayankha analankhula mwaulemu ndithu, n'kunena kuti mphothoyo ikuphatikiza fizi, ndipo opereka ndalamazo anati zipite kwa nzika ndi okhazikika okha.

Titatuluka, mayi ake anangoti, "Chabwino aphunzitsi, mwayesetsa." Mwana anakhala chete mpaka pa siteji ya minibasi. Pamenepo ndi pomwe anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, poti kuno akuti sindine wawo, ndiye ndikalembetse kumudzi?" Ndinasowa pomulozera. Funso limenelo ndi limene ndalitumiza kwa inu.

Eni dziko lino sindikuwaimba mlandu. Lamulo la Bantu Education la 1953 linamana ana akuda a kuno masamu ndi sayansi kwa zaka zambirimbiri, ndipo akuyesetsa kukonza zimenezo ndi ndalama za misonkho yawo. Malamulo awo amawalemba poyera. Bungwe lawo lothandiza kafukufuku, National Research Foundation, kuyambira 2021 limagawa thandizo la ophunzira a madigiri apamwamba motere: 95 mwa 100 alionse akhale nzika kapena okhazikika, ndipo 5 otsalawo ndiwo agawane ochokera m'mayiko a SADC ndi dziko lonse lapansi. Kuno mwana satenga unzika chifukwa chongobadwirako. Lamulo lawo la unzika, monga linakonzedwera mu 2010, limalola mwana wobadwira kuno kwa makolo obwera kupempha unzika akakwanitsa zaka 18, ngati wakhala kuno moyo wake wonse ndipo kubadwa kwake kunalembetsedwa. Koma pa zaka 18 mwana ali kale pa mayeso a Matric, omaliza sekondale kuno, nthawi ya mipikisano ya kusukulu yatha. Mayi aliyense amayamba wagawira ana ake, zimenezo n'zomveka. Vuto ndi lakuti ana athu asanduka mleme: kwa mbalame akuti ndiwe mbewa, kwa mbewa akuti ndiwe mbalame. Mayi wa ana amenewa ndi Malawi, ndipo mbale yawo iyenera kuchokera kwa inu.

Ndiyambe ndi umboni wa unzika, poti ndi pamene tinagwera. Mwana wobadwa kwa kholo lachimalawi ndi Mmalawi, kaya mchombo wake unagwera ku Lobi kapena ku Hillbrow. Nyumba ya Malamulo inavomerezanso mu Disembala 2018 kuti munthu atha kukhala nzika ya mayiko awiri. Tsono mukalemba kuti "mpikisanowu ndi wa Amalawi", onjezerani mawu owerengeka akuti "okhala m'dziko muno kapena kunja". Mukapanda kutero, kalaliki wolandira mafomu adzaganiza yekha, ndipo kalaliki akakayika amakana. Chiphaso cha unzika cha bungwe la NRB, chimene anthu ambiri analembetsa mu 2017, chimaperekedwa kwa a zaka 16 kupita m'tsogolo. Fomu ikaumirira chiphaso chimenechi, yatsekera kunja ana ambiri a Folomu 1 ngakhale ali ku Kasungu, osanenanso za a kuno. Lolani chimodzi mwa zingapo: pasipoti ya mwana, kapena chiphaso kaya pasipoti ya kholo pamodzi ndi pepala lobadwira, ngakhale lolemba pamanja lija, kapena kalata ya ku ofesi ya kazembe.

Chonde musafunse za pemiti ya South Africa. Tisanamizane, ambiri mwa anthu athu analowa ndi masiku 30 a pa boda ndipo masikuwo anatha kalekale. Imeneyo ndi nkhani ya pakati pa kholo ndi boma la kuno, mwana wa zaka 15 sanaipange ndipo sangaikonze. Pa chifukwa chomwecho, ganizirani bwino za mawu akuti makope a ziphaso akhale odindidwa. Kuno ambiri amadinditsa ku polisi, ndipo kholo limene masiku ake anatha silingaponde pa khomo limenelo ngakhale mphotho itakula chotani. Chidindo cha mphunzitsi wamkulu kapena cha ku ofesi ya kazembe chikwanire. Chabwino koposa n'chakuti poyamba muzilandira ntchito yokha ndi dzina, mapepala muziwafuna kwa okhawo amene afika mu ndime yomaliza. Mukatero mwachepetsa ntchito ya alembi anu, ndipo oweruza awerenga ntchito ya aliyense.

Za msinkhu ndikhalapo pang'ono, chifukwa zimandikhudza. Mawu akuti "wasayansi wachinyamata" amakonda kutsatana ndi malire a zaka zobadwa. Bungwe la kuno lija la National Research Foundation limafuna kuti wopempha thandizo asapitirire zaka 28 pa digiri ya Honours, 30 pa Masters ndi 32 pa PhD. Kwa mwana amene anayamba sukulu ali ndi zaka 6 n'kuyenda osaima, zimenezi n'zotheka. Koma njira ya Mmalawi timaidziwa tonse. Amayamba Sitandade 1 mochedwa chifukwa sukulu ili kutali ndipo pali mtsinje. Amabwereza Sitandade 8 kawiri kufuna kusankhidwa. Akalemba MSCE amakhala pakhomo kudikira malo ndi fizi. Akamaliza digiri amagwira ntchito zaka zingapo kuti aphunzitse azing'ono ake. Ndili ndi mnzanga kuno amene anaphunzitsa zaka 12 pa sekondale yoyendera ku Ntcheu, ndipo anayamba Masters ali ndi zaka 38, akudzilipirira ndi ganyu yophunzitsa ana madzulo. Pa kafukufuku ndi khanda, koma pa fomu ndi nkhalamba. Kwa amayi ndiye zimanyanya, chifukwa zaka za uchembere zimagwera pomwepo.

Njira yabwino ilipo, ndipo sitikusowa kuipeka. Mphotho za National Science and Technology Forum, zimene zakhala zikuperekedwa kuno kuyambira 1998, zimawerenga zaka zimene munthu watha pa ntchito ya kafukufuku. Wongoyamba kumene ndi amene sanapitirire zaka 6 chiyambire kafukufuku, gawo lotsatira limafika zaka 15, ndipo pali gawo lina la ntchito ya moyo wonse. Tengerani pamenepo. Werengani kuchokera pamene munthu anayamba ntchitoyo, ndipo mayi amene anaima kuti alere mwana mumuchotsere zaka zimenezo.

Mphotho za ofufuza zimenezi zimatchedwa ndi dzina la a T.W. Kambule, ndipo mbiri yawo ndimaikumbuka ndikamadutsa pamalo pamene panali sukulu ya St Peter's konkuno ku Rosettenville, imene iwo anaphunzirapo. A Kambule anayamba sukulu ali ndi zaka 11. Anadzakhala mphunzitsi wa masamu, anaphunzitsako ku Zambia ndi kwathu ku Malawi, mu 1958 anakhala mphunzitsi wamkulu wa Orlando High ku Soweto, ndipo pambuyo pake anakaphunzitsa masamu ku yunivesite ya Wits. Anamwalira mu 2009. Munthu amene dzina lake lili pa mphotho ya ofufuza a dziko lino anali wochedwa ndi zaka zisanu kuyambira tsiku loyamba. Ndimawauza ana anga a Loweruka nkhani imeneyi, makamaka aja amene ndi aakulu m'kalasi mwawo chifukwa anataya chaka kapena ziwiri posamuka.

Palinso anthu amene sukulu inawathera panjira koma manja awo ndi odalitsika. Gawo la akatswiri a m'mayunivesite athu a MUST, LUANAR, MUBAS, KUHeS, UNIMA ndi Mzuni lifune digiri, lifune zolemba zosindikizidwa m'magazini a kafukufuku, palibe cholakwika. Koma pakhale gawo lina limene funso lake ndi limodzi: chinthuchi chikugwira ntchito, ndipo chathandiza ndani? Tonse tikudziwa za a William Kamkwamba a m'mudzi wa Masitala, ku Wimbe m'boma la Kasungu. Anasiya sekondale chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, napanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa, zida za njinga ndi mitengo ya bulugama. Nyuzipepala inalemba za iwo mu 2006, mu 2007 anakalankhula ku Arusha, kenako anadzaphunzira ku African Leadership Academy konkuno ku Johannesburg, n'kukamaliza digiri ku Dartmouth ku America mu 2014. Amene anawatulukira anapita kukaona makinawo akuzungulira. Pa nthawiyo analibe satifiketi, analibe mkulu wa sukulu wowasayinira, analibe adiresi ya imelo. Ndikupempha kuti tsamba lililonse la malamulo, musanalitulutse, muziliyesa ndi funso ili: mnyamata uja wa ku Wimbe wa mu 2002 akanadutsa?

Kuno kuli amisiri otere ambiri. Ndikudziwa bambo wina wowotcherera zitsulo, wa ku Mangochi, amene analekeza Folomu 2. Nthawi imene magetsi ankazimazima kwambiri kuno, anaphunzira yekha kulumikiza mabatire ndi masola, ndipo lero nyumba zingapo za m'dera lathu zimayaka ndi ntchito ya manja ake. Patchuthi anapita kumudzi n'kukaikira chitsime cha kwawo pampu yoyendera dzuwa. Munthu wotere mukamuuza kuti abweretse kalata ya mkulu wa bungwe limene amagwirako ntchito, mwamuuza kuti asabwere. Bungwe lake ndi iye mwini ndi kabokosi ka zida. Muloleni adzilembetse yekha, ndipo mboni zake zikhale anthu amene anaona ntchitoyo: amfumu, abusa, ashehe, alangizi a zaulimi, kapena amayi amene akutunga madzi pa chitsime chija. Kufuna kuti munthu achite kusankhidwa ndi bwana wake kumapatsa mwayi okhawo odziwika kale ndi okondedwa a mabwana. Wamanyazi, wa kutali, ndi amene anayambana ndi bwana wake amatsala.

Ndikudziwa zimene ena kumudzi anganene, chifukwa ndazimvapo kwa abale anga omwe. Akuti a ku Joni anathawa okha, asiyeni adye marandi awo, mphotho zochepa zomwezi zitsalire amene akupirira pakhomo. Akutinso mwana wa ku Johannesburg ali ndi labotale ndi intaneti, angapikisane bwanji ndi wa sekondale yoyendera ya ku Nsanje imene ilibe ngakhale botolo la asidi? Mfundo yachiwiriyi ndi yoona mbali ina, ndipo sindikuipeputsa. Ndaphunzitsapo sayansi pa bolodi pokha, kujambula ndi choko chida chimene ana sanachionepo. Ngati mukuopa zimenezi, tsegulani gawo lapadera la okhala kunja, kapena nenani kuti wa kunja alowe ndi ntchito yoyankha vuto la ku Malawi. Zonsezi tingazilandire ndi manja awiri. Kungoti dziwani kuti ana ambiri a Amalawi kuno saphunzira m'masukulu a anthu olemera. Ali m'timasukulu ta m'nyumba zosanja za m'katikati mwa tauni, ndi ku Diepsloot, ndi ku Cosmo City. Labotale ya mtsikana uja inali katoni ndi utuchi.

Zoti tinathawa ndiye zimandipweteka. Agogo anga aamuna anabwera kuno pa Theba, anakumba golide pansi pa nthaka yomwe ndikuyendapo lero, ndipo malata a nyumba imene ndinabadwiramo anachokera m'thukuta limenelo. Mu Epulo 1974 ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 ochokera ku migodi, akubwerera kwawo. Njira ya ku Joni ndi yakale, ndipo aliyense woyendamo maso amakhala ali kumudzi. Pitani ku Mzimba, ku Nkhata Bay, ku Mangochi, mukawerenge nyumba za malata ndi ana a fizi amene akudalira ndalama zochokera kuno. Dziko limalandira ndalama zathu mosafunsa pemiti. Lilandirenso nzeru za ana athu. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, akukamba za ulimi wopindulitsa ndi mafakitale, ndipo zimenezo zidzafuna mainjiniya ndi amisiri. Ena mwa iwo ali Giredi 10 ku Turffontein. Mwana amene dziko lake linamuzindikira ali ndi zaka 15 amadzalikumbukira akadzakhala ndi zaka 30.

Zotsalazi ndi zing'onozing'ono, koma ndi zomwe zimapunthwitsa. Kwathu timati Sitandade ndi Folomu, kuno amati Giredi, ndipo sekondale ya kuno ndi ya zaka zisanu pamene yathu ndi ya zinayi. Lembani zaka zobadwa za ana oyenera kulowa, kapena tchulani zonse ziwiri. Chaka cha sukulu kuno chimayamba mu Januwale, kwathu mu Sepitembala, choncho tsiku lotsekera likhale mwezi womwewo chaka chilichonse kuti aphunzitsi a mbali zonse azikonzekera, ndipo kulengeza kuchitike miyezi itatu lisanafike. Kafukufuku wa nyemba uja anatenga masabata asanu ndi awiri. Chilengezo cha masiku 10 chimapindulira okhawo amene anamva kale mphekesera. Pa zoyambira ana ali aang'ono, taonani Eskom Expo for Young Scientists ya kuno, imene inayamba mu 1980: imalandira ana kuyambira Giredi 4 mpaka Giredi 12, ndipo mwana amayambira m'chigawo chake asanafike pa chionetsero chachikulu. Kwathu maziko alipo kale, monga chionetsero cha sayansi cha masukulu chimene chakhala chikuchitikira ku Kamuzu Academy ku Mtunthama.

Malamulowo atuluke m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao pambali pa Chingerezi, pa tsamba limodzi lotheka kutumiza pa WhatsApp, ndipo awerengedwe pa wayilesi. Fomu ikhale yotheka kudzaza pa foni popanda kumaliza bandulo ya sabata yonse, ndipo pasakhale ndalama yolowera. Mwana aloledwe kufotokoza ntchito yake m'chilankhulo chimene amaganiziramo. Mtsikana uja akamafotokoza za mpweya wa mu utuchi m'Chichewa chosakaniza ndi Chizulu ndi Chingerezi, nkhope imawala ndipo palibe chimene amaphonya. Nenaninso poyera mmene oweruza adzagawire malikisi, kuti angati ndi a funso, angati a kayezedwe, angati a phindu lake kwa anthu. Amene sanapambane muwalembere mizere iwiri yonena pamene anaperewera. Kwa mwana, mizere iwiri yochokera kwa katswiri wa ku Lilongwe ndi chuma chimene amachisunga m'Baibulo kapena pansi pa sutikesi.

Inu a ku ofesi ya kazembe, gawo lanu ndi lalikulu ndipo silifuna ndalama zambiri. Timabwera kwa inu pa nkhani za mapasipoti ndi pamene tikutumiza maliro kumudzi. Tiloleni tibwerenso tsiku limodzi pachaka ndi ana athu atanyamula makatoni awo, mawaya awo ndi makope awo. Ku Wits, ku University of Johannesburg ndi ku Pretoria kuli Amalawi ophunzitsa ndi ochita kafukufuku, ndipo ndikukhulupirira kuti mukawapempha kudzaweruza Loweruka limodzi adzabwera. Opambana kuno angaonetse ntchito yawo kwa oweruza a ku Lilongwe pa kanema wa pa foni, osalipira basi ya masiku awiri yodutsa ku Beitbridge ndi ku Mwanza. Mphothonso isachite kukhala ya mamiliyoni. Satifiketi yokhala ndi chizindikiro cha dziko la Malawi, dzina lotchulidwa pa wayilesi kuti agogo ake amve kumudzi, ndi katswiri mmodzi womulangiza chaka chonse, zimenezo zingasinthe moyo wa mwana. Lamulo la 2003 limene linakhazikitsa bungwe lanu, inu a ku Commission, linakupatsani udindo wokweza sayansi ndi luso pakati pa Amalawi. Ife tikudziwerengera m'gulu limenelo.

Mtsikana uja sanasiye. Mwezi watha agogo ake anamutumizira pa basi kathumba ka makoko a mtedza ndi ka mankhusu a mpunga, chifukwa iye anati ku Dedza utuchi supezeka paliponse, ndipo akufuna kudziwa chimene mayi wa kumudzi angagwiritse ntchito osagula. Wagula kope lachiwiri. Nyemba zinabwerera pa mbale m'chipinda chija, ndipo amayi atatu a kumpingo kwathu anayamba kale kuphikira m'katoni. Chaka chamawa alowa Giredi 11, kenako ndi Matric, ndipo nthawi ya zoterezi idzamuchepera. Loweruka lapitali anandifunsanso ngati ndamva chilichonse kuchokera kumudzi, ndipo ndinamuuza kuti ndikulemba kalata. Ndikupempha mutiuze kumene tingatumize makope ake awiriwo, ndi tsiku lake.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa masamu ndi sayansi,
Rosettenville, Johannesburg.